Kugula domeni ya dzina la kampani n'kudzaigulitsa, ndi mlandu kapena ndi geni? Mafunso ndi mayankho

Ine ndimapanga mawebusayiti kuno ku Mzuzu, kaofesi kanga kali cha ku Katoto, ndiye sipatha mwezi osabwera munthu, kawirikawiri anyamata a pa Mzuni kapena amene angomaliza kumene, kudzandifunsa nkhani imodzimodziyi. Akuti aona pa YouTube zoti kuli geni yogula madomeni motchipa n'kudzagulitsa mamiliyoni, nde apeza kuti kampani yakutiyakuti sinalembetse dzina lake pa intaneti, akufuna alitenge msanga eni ake asanadzidzimuke. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndangoti ndisonkhanitse mafunsowo pamodzi. Sindine loya, kalata ya loya ikadzakupezani mukaonane ndi loya mnzake, osati muzikati "anatero achimwene a ku Katoto aja."

Poyamba penipeni, domeni ndi chani? Ndikalipira imakhala yanga mpaka kale?

Domeni ndi adilesi ija mumalemba pamwamba mukafuna kutsegula webusayiti, ngati mzuni.ac.mw kapena google.com. Timati "kugula" koma kunena zoona ndi lendi. Mumalipira pa chaka, mtengo wa .com umatengera komwe mwalembetsa, kaya ku Namecheap kaya ku GoDaddy, ndipo mutha kulipiriratu mpaka zaka 10 basi, osapitirira. Mukasiya kulipira imabwerera pa msika wina n'kutola. Ndipo polembetsa paja pamakhala kabokosi kamene tonsefe timangodina osawerenga, m'menemo ndi mmene muli nkhani yonse ya tsamba lino.

Ndiye kugula ndi kugulitsa madomeni n'kololedwa?

Eya, n'kololedwa ndithu, palibe lamulo loletsa. Anthu adyapo ndalama zoopsa. Business.com inagulitsidwa madola 7.5 miliyoni mu 1999, voice.com inapita pa madola 30 miliyoni mu 2019. Koma taonani mayinawo, ndi mawu wamba a m'dikishonale, alibe mwini. Zili ngati munthu wagula puloti ku Dunduzu kukadali tchire n'kudikira tawuni ifike, palibe angamunene. Inunso mutalembetsa mawu ngati mpunga, usipa, njinga, malo ogona, n'kupeza wogula, ndi mwayi wanu umenewo.

Pamene zimavuta ndi pamene mwasankha dzinalo chifukwa choti ndi la winawake. Apa sikuti mwagula puloti kutchire ayi, mwakamanga kanyumba pageti pa munthu kuti akamafuna kulowa kwawo akulipireni.

Koma kampaniyo inagona yokha, ine ndapeza dzina lili lotsegula, ndalipira ndi ndalama zanga. Ndalakwa chani?

Funso limeneli ndi limene limabwera kwambiri ndipo ena amafunsa atakwiya kale. Kompyuta yolembetsa ija sifunsa kuti ndinu ndani, imangoona ngati dzinalo lili lotsegula, wafika koyamba ndi amene watenga. Nde anthu amaganiza kuti poti makinawo alola ndiye kuti lamulonso lalola. Ayi.

Kabokosi kamene munadina kaja kamati mwavomera malamulo otchedwa UDRP, amene bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti la ICANN linakhazikitsa mu 1999. Aliyense amene ali ndi .com, .net kapena .org anavomera, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Malamulowa amati mwini dzina atha kukadandaula, ndipo ambiri amapita ku WIPO, bungwe la UN loona za umwini wa mayina a malonda ndi ntchito zaluso, ku Geneva, ndipo kuti awine ayenera kusonyeza zinthu zitatu zonse pamodzi: kuti domeniyo ikufanana ndi trademark yawo (dzina kapena chizindikiro chawo cha malonda) kapena ikuyandikira moti anthu angasokonezeke, kuti inuyo mulibe chifukwa chomveka chokhalira ndi dzinalo, komanso kuti munalilembetsa ndipo mukuligwiritsa ntchito ndi mtima wachinyengo. Chimodzi chikasowa mlandu wawo wagwa. Koma tsono m'malamulo momwemo analembamo zitsanzo za mtima wachinyengowo, ndipo choyambirira penipeni pamndandanda ndi ichi: kulembetsa dzina ndi cholinga chodzaligulitsa kwa mwini trademark kapena kwa wopikisana naye pa mtengo woposa zimene munawononga. Mwaona? Pulani yonse imene mwabwera nayo ija inalembedwa kale ngati chitsanzo nambala wani cha zoletsedwa, inu musanabadwe ena a inu kkkk.

Inuyo mukudziwa bwanji zimenezi, munazionapo?

Zinandionekera ndekha, n'chifukwa chake ndimalankhula motsimikiza. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinapita kunyanja weekend ina, ndinagona pa loji ina yabwino ndithu, azungu ali mbwee, koma nditafufuza ndinapeza kuti ali ndi peji ya Facebook yokha, .com ya dzina lawo ili yotsegula. Mtima unagunda. Usiku womwewo ndinabwereka khadi la msuweni wanga n'kulembetsa, madola 12. Ndinadikira miyezi itatu kuti zisaoneke zothamanga, kenako ndinalemba imelo yachizungu chothyakuka bwino, ndinachita kuipukuta kawiri, kuwauza kuti dzina lawo lili ndi ine ndipo nditha kuwapatsa pa madola 2,000, komanso ndinaphatikizapo kachiganizo kena koti pali ena a malo ogona amene aonetsa chidwi. Linali bodza, panalibe aliyense.

Patatha masabata atatu kunabwera envulopu ya khaki, mnyamata wa kabaza ndi amene anaifikitsa chifukwa oitumiza anasokoneza khomo, kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja. Masamba anayi ochokera kwa loya. Tsamba lachitatu linali imelo yanga yomwe ija, yosindikizidwa, ndipo kachiganizo ka "ena aonetsa chidwi" kaja anakadula mzere kunsi ndi bolopeni yofiira. Ndinakhala pansi kuwerenga Chizungu changa chomwe chikundipereka. Sindinadikire zambiri, domeni ndinaipereka ulere sabata yomweyo, madola 12 a msuweni ndinabweza ndekha, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti anthu aja amafunadi webusayiti, ndikanangopita mwaulemu kukawauza kuti dzina lanu lili poyera tiyeni ndikulembetsereni n'kukupangirani webusayiti, bwenzi ali kasitomala wanga. Anakapangitsa kwa wina.

Ndili ku Mzuzu kuno, kampani ya ku America kapena ku Joni ingandipeze bwanji?

Safunika kukupezani. Inu khalani phee ku Chibavi kapena ku Zolozolo, domeniyo sili m'thumba mwanu, ili m'makina a kampani imene munalembetsako. Dandaulo likangolowa, kampaniyo imaitseka kuti musaisamutse kapena kuigulitsa, inu amakutumizirani imelo n'kukupatsani masiku 20 oti muyankhe. Zonse zimachitika polemberana, palibe kukwera ndege, palibe kuima m'bokosi. Mukapanda kuyankha oweruza amangoona zimene wodandaula wapereka. Zimatenga miyezi iwiri kapena kuchepera, ndipo chigamulo chikatuluka pamadikiridwa masiku 10 ogwira ntchito kuti ngati mukufuna kukatsutsa kukhothi mutero, apo ayi domeni imangosamutsidwa, inu mudzangoona pa akaunti panu palibe.

Wodandaula ku WIPO amalipira madola 1,500 ngati woweruza ali mmodzi ndipo madomeni sakupitirira asanu, akafuna oweruza atatu ndi madola 4,000. Kwa kampani ngati Airtel kapena Illovo imeneyo ndi ndalama ya tiyi wa pa miting'i.

Ndipo za kubisa dzina polembetsa zija musadalire. Zimabisa kwa anthu wamba ofufuza, koma mlandu ukayamba kampani yolembetsayo imapereka dzina lanu lenileni, ndipo zigamulo za WIPO zimaikidwa poyera pa intaneti. Mawa mukufuna ntchito ya IT, bwana n'kulemba dzina lanu pa Google, choyamba kutuluka n'chimenecho.

Nde ngati chilango ndi kungondilanda domeni, sindingangoyesa mwayi? Ndi madola 12 okha.

Ku UDRP zoona, sakulipiritsani chindapusa, amangolanda kapena kufufuta. Koma mwini dzina saletsedwa kupita kukhothi, ndipo kumeneko nde kuli mano. Ku America kuli lamulo la 1999 lotchedwa ACPA limene limalola khothi kulipiritsa kuyambira madola 1,000 mpaka 100,000 pa domeni imodzi. Mu 2008 kampani ya mafoni ya Verizon inawina madola 33.15 miliyoni kwa kampani ina yotchedwa OnlineNIC chifukwa cha madomeni 663, kutanthauza madola 50,000 iliyonse. Komanso poti kampani yosunga kaundula wa .com, Verisign, ili ku Virginia, lamulolo limalola kuti akalephera kukufikirani inuyo azenge mlandu domeni yomweyo kumeneko inu kulibe.

Mlandu umene anthu amakonda kutchula ndi wa Dennis Toeppen. Mkuluyu analembetsa panavision.com, dzina la kampani yopanga makamera a mafilimu, ndiye pofuna kuchenjera anaikapo zithunzi za katauni kena kotchedwa Pana ku Illinois kuti azinena kuti webusayiti yake ndi yoonetsa Pana. Kampani itamulembera iye anati mundipatse madola 13,000. Khothi la apilo mu 1998 linati bizinesi yake yeniyeni sinali zithunzi ayi, inali kugulitsa mayina a eni ake, n'kuluza. Ndimautchula chifukwa anyamata ambiri amandiuza pulani yomweyo, "ndiikapo ka blog kenakake kuti zioneke ngati ndikugwiritsa ntchito." Oweruza aja aziona kambirimbiri zimenezo.

Nanga ndikangoisunga osaikapo chilichonse, osawalembera, iwowo adzandipeze okha?

Inayesedwanso. Mu 2000 pa mlandu wa kampani ya ku Australia ya Telstra, ku WIPO anagamula kuti kungokhalira dzina lodziwika kwambiri popanda chochita nalo chomveka kuthanso kuwerengedwa ngati chinyengo, ndipo mpaka lero amatsatira zomwezo. Dzina likakhala lotchuka moti palibe njira yoona imene inu mukanaligwiritsira ntchito, kukhala chete sikukupulumutsani.

Zimenezotu ndi za kunja. Malamulo a kuno kwathu akuti chani?

Kuno tili ndi Trademarks Act ya 2018 imene inalowa m'malo mwa lamulo lakalekale la 1957. Trademark imalembetsedwa ku boma, imakhala zaka 10 ndipo mutha kumawonjezera zaka 10 zina. Lamulo latsopanoli linabweretsa zinthu zimene lakale linalibe, monga kuteteza mayina a ntchito zothandiza anthu osati katundu yekha, nde mabanki, mahotela, makampani a mafoni onse ali mkati, komanso limateteza mayina otchuka kwambiri. Kuwonjezera apo Malawi ali mu mgwirizano wa mayiko wa Banjul Protocol wa bungwe la ARIPO la ku Harare, ndipo kuyambira pa 25 December 2018 alinso mu Madrid Protocol, kutanthauza kuti kampani ya kunja itha kuteteza dzina lake kuno osabwera n'komwe. Nde osamati "kampani imeneyi ilibe ofesi ku Malawi."

Palinso china chimene tinatengera ku malamulo a Angerezi, maloya amati passing off, kudzionetsa ngati ndiwe wina kuti udyerere mbiri yake. Chimenechi sichifuna n'komwe kuti dzinalo likhale lolembetsedwa, bola mwini wake asonyeze kuti anthu amamudziwa nalo. Ku England mu 1998 kunali mlandu wa anyamata a kampani yotchedwa One in a Million amene analembetsa mayina a Marks & Spencer, Sainsbury's, Virgin, BT ndi ena, mpaka analembera Burger King kuti agule burgerking.co.uk pa mapaundi 25,000. Iwo ankati sitinagulitse katundu aliyense ndi mayinawa, tangowasunga. Khothi la apilo linakana, linati dzina loterolo m'manja mwawo ndi chida chachinyengo. Zigamulo za ku England sizimanga makhothi athu koma majaji ndi maloya athu amazitchula kwambiri pa nkhani za malonda, nde musadabwe mutaupeza mlandu umenewu m'kalata yochokera ku Blantyre.

Nanga .mw, nayonso ndi chimodzimodzi?

Ya .mw imayendetsedwa kuno konkuno, mu 2002 inaperekedwa m'manja mwa bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lili ndi gawo lonena za mayina a .mw pansi pa MACRA. Mikangano ya .mw nayo itha kupita ku WIPO. Koma kunena mosabisa, pa .mw vuto lanu lalikulu si Geneva ayi, ndi loti dziko lathu ndi laling'ono. Amene mukufuna kumukama uja amadziwana ndi malume anu, amapemphera ndi bwana wanu.

Ndingamangidwe?

Kungolembetsa dzina kokha nthawi zambiri ndi nkhani ya pakati pa inu ndi mwini dzina, si ya apolisi. Koma mukangoikapo logo yawo, kapena kupanga imelo ya dzinalo n'kumalembera anthu ngati ndinu a kampaniyo, kapena tsamba lonamizira banki loti anthu alembepo PIN, apo nde mwasamuka, imeneyo ndi kuba mwachinyengo ndipo Penal Code ndi lamulo la 2016 lija zikukudikirani. Anthu atopa kale ndi mauthenga aja a "mwawina, tumizani ya transport pa Airtel Money kapena Mpamba", sipadzakhala wokumverani chisoni.

Ndikasintha chilembo chimodzi? Kapena kuwonjezera "malawi" kapena "mzuzu" kumapeto?

Sizithandiza. Kuchotsa chilembo kapena kusinthanitsa zilembo kuti mugwire anthu olakwitsa potaipa, oweruza amakuona ngati umboni woti mumadziwa bwino lomwe dzina limene mumalifuna. Kuwonjezera dzina la malo nde kumaipitsiratu, chifukwa munthu akaona dzina la kampani kenako "mzuzu" amangoti ndi nthambi yawo ya kumpoto.

Koma dzinalo ndi langa lenileni, la makolo anga. Ndisiye chifukwa kampani ina ikulitchulanso?

Apa nde pokoma, chifukwa lamulo silili mbali ya makampani nthawi zonse. Kunali bambo wina ku America dzina lake Uzi Nissan, Nissan linali dzina la kwawo, ndipo anali ndi bizinesi ya makompyuta yotchedwa Nissan Computer. Analembetsa nissan.com mu 1994. Kampani ya magalimoto ija inamusumira mu 1999, anakokanakokana m'makhothi zaka zambirimbiri, koma domeniyo sanamulande, n'chifukwa chake a magalimotowo ku America amagwiritsa ntchito nissanusa.com. Anapambana chifukwa dzinalo linali lake ndipo amachita nalo bizinesi yeniyeni kuyambira kale. Komabe zinamudyera ndalama zambiri ndi mtendere, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Nde ngati ndinu a Gondwe, a Nyirenda, a Mhango, muli ndi shopu yanu ya dzina limenelo, satifiketi ya bizinesi ilipo, malisiti alipo, chikwangwani chili pakhomo, muli ndi poimira. Sungani mapepala amenewo. Komanso trademark imagwira pa mtundu wa malonda, pali magulu 45, nde dzina limodzi litha kukhala la wogulitsa simenti kwina n'kukhalanso la wophika buledi popanda kulakwirana.

Koma chenjerani ndi pakamwa. Mnyamata wina wa ku Canada wa zaka 17, Mike Rowe, anatsegula mikerowesoft.com, ukaitchula imamveka ngati Microsoft. Maloya a Microsoft atamulembera anati timubwezera madola 10 amene analipira, iye pokwiya anati ndipatseni 10,000, ndipo yankho limenelo ndi limene analigwiritsa ntchito kumunena kuti amafuna kuwakama. Nkhaniyo inatchuka mu 2004, Microsoft inachita manyazi, anagwirizana n'kumupatsa Xbox ndi tina n'tina iye n'kupereka domeni. Iyeyo anapulumukira manyuzipepala. Inu ndi ine sitidzalembedwa pa CNN.

Ndinalembetsa kalekale, kampaniyo yabwera pambuyo. Angandilande?

Kawirikawiri ayi, simungakhale ndi mtima wobera munthu amene kunalibe. Ndipo kampani ikakusumirani ikudziwa kuti ilibe mfundo, oweruza atha kulemba m'chigamulo kuti imafuna kukulandani mwaupandu, ngakhale sakulipirani kanthu. Koma pali misampha iwiri. Woyamba, mukamva mphekesera kuti mabanki awiri akuphatikizana kapena kampani ikusintha dzina, inu n'kuthamangira kulembetsa dzina latsopanolo, imeneyo amaiwerenga ngati chinyengo olo trademark isanatuluke. Wachiwiri, mukagula domeni yakale kwa munthu wina, amawerengera tsiku limene inuyo mwaigula, osati limene woyambayo analembetsa.

Ndimagulitsa masipeya a Toyota, mnzanga amakonza mafoni a Tecno ndi Itel ku Taifa. Tingaike mayinawo mu domeni?

Zimatheka koma pali malire, ndipo oweruza amatsatira mfundo za mlandu wa Oki Data wa 2001. Mukhale mukugulitsadi katunduyo, pawebusayitipo pakhale katundu wa kampani yomweyo basi osati kukopa anthu ndi dzina la Toyota kenako n'kumawagulitsa za Nissan, mulembe poonekera kuti sindinu a kampaniyo ndinu ogulitsa paokha, ndipo musakokolole madomeni onse a dzinalo. Vuto ndi loti mashopu athu ambiri amagulitsa chilichonse, lero Toyota mawa Mazda mkuja matayala a njinga yamoto. Ine ndimalangiza kuti domeni ikhale ya dzina la shopu yanu, mayina a magalimotowo muwalembe mkati mwa webusayiti, Google idzakupezanibe.

Mawu oti Mzuzu, Nyika, Viphya ali ndi mwini?

Dzina la malo palokha ndi la tonse, mutha kuligwiritsa ntchito pa webusayiti ya malo ogona, ya nkhani, ya maulendo. Koma likaphatikizana ndi mawu ena n'kukhala dzina limene anthu amadziwira gulu linalake, zasintha. Munthu akati Mzuzu Coffee aliyense amaganiza za khofi wa makopaletivu a alimi uja, saganiza za khofi wina aliyense wophikidwa mu mzinda uno. Dzifunseni moona mtima kuti pamene dzinalo limakubwererani m'mutu mumaganiza za malo kapena za eni akewo.

Ine ndine mwini bizinesi. Amene anandipangira webusayiti analembetsa domeni m'dzina lake, pano akufuna ndalama. Nditani?

Iyi nde ndi imene imachitika kwambiri kuno kuposa zonse ndalemba pamwambapa, ndipo imandinyansa chifukwa imaipitsa mbiri ya tonse opanga mawebusayiti. Mayi ena ogulitsa uchi ndi mpunga wa Kilombero anabwera kuofesi atanyamula katoni ya mabotolo, pa lebulo iliyonse pali adilesi ya webusayiti, anasindikiza malebulo ambirimbiri ku Lilongwe. Mnyamata amene anawapangira anapita ku Joni, domeni ili pa akaunti yake, imelo yake, ndipo atamufunsa pasiwedi anayankha pa voice note kuti "mami nkhani ndi yaing'ono, mungondiganizirako." Kuganizirako kwake inali ndalama yoposa imene analipira pa webusayiti yonse. Mayiwo anangoti, "Mwana wanga, ndiye dzina la bizinesi yanga ndichite kugulanso?"

Zoterezi ku UDRP zimavutirapo, chifukwa tsiku limene amalembetsa anali ndi chilolezo chanu, nde oweruza ena amati imeneyi ndi nkhani ya mgwirizano wa ntchito, ipite kukhothi wamba. Komanso madola 1,500 ndi forex yake yosowayi, wogulitsa uchi awatenga kuti. Chimene chinathandiza mayi aja ndi zinthu wamba: mauthenga a WhatsApp pamene anamutuma kuti "undilembetsere", umboni wa Mpamba woti ndalama yolembetsera inachokera kwa iwo, voice note ija, ndi kalata imodzi ya loya imene kope lake linakafikanso kwa bambo ake a mnyamatayo kumudzi. Sabata isanathe khodi yosamutsira domeni kupita ku akaunti ya mayiwo inabwera.

Nde inu amene mukupangitsa webusayiti, tsiku loyamba lomwelo onetsetsani kuti akaunti yolembetsera ili pa imelo yanu, dzina la mwini ndi lanu kapena la kampani yanu, wopangayo angopatsidwa mpata wogwira ntchito. Akakana, pezani wina. Ndipo musaganize kuti satifiketi ya bizinesi kapena ya kampani ndi trademark, ndi zinthu zosiyana, kulembetsa bizinesi sikukusungirani domeni, ndipo kukhala ndi domeni sikukupatsani trademark.

Kampani yandilembera yokha kuti ikufuna kugula domeni yanga. Nditchule mtengo?

Zimatengera kuti dzinalo ndi lotani. Ngati ndi mawu wamba kapena dzina lanu lenileni ndipo simunalitenge powasaka iwowo, kutchula mtengo si mlandu, katundu ndi wanu. Koma dziwani kuti maloya ena amalemba ngati ogula wamba dala kuti inu mutchule chiwerengero chachikulu, mawa chidzakhale tsamba lachitatu ngati langa lija. Musayankhe tsiku lomwelo, musayankhe mutakwiya, fufuzani kaye ngati dzinalo lili ndi trademark, pa webusayiti ya WIPO pali malo ofufuzira aulere otchedwa Global Brand Database. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti munalitenga chifukwa cha iwowo, pemphani ndalama imene munawonongadi, malisiti ali pamanja, mupereke zithe.

Ndapeza wogula wabwinobwino. Ndigulitse bwanji osaberedwa?

Osapereka khodi yosamutsira ndalama isanafike, ndipo wogulanso sangatumize ndalama kwa munthu wosamudziwa, nde pamafunika wapakati wosunga ndalamazo mpaka domeni itasamuka, monga Escrow.com, kapena misika ngati Sedo ndi Afternic imene imadulapo yake. Funsiranitu kuti ndalamayo idzafika bwanji ku banki yanu kuno musanagwirizane. Domeni yongolembetsa kumene singasamukire ku kampani ina mpaka patatha masiku 60. Ndipo pali akuba ena amalemba kuti akufuna kugula pa madola masauzande koma muyambe mwalipira satifiketi yoyeza mtengo wa domeniyo pa webusayiti imene akuuzeni iwowo. Mukalipira basi, wogula uja wasowa.

Kampani yaiwala kulipira, domeni yawo yagwa. Ndikaitola?

Kugwa kwa domeni sikugwetsa trademark. Nthawi ikatha pamakhala kaye masiku oti mwini alipire mochedwa, kenako masiku 30 oti aiwombole pa mtengo wokwera, kenako masiku 5 isanabwerere pa msika, nde mukaiona ili yotsegula ndiye kuti kumeneko kuli munthu wa IT amene wagona miyezi iwiri, ndipo tsiku limene maimelo a bwana asiye kulowa adzakusakani ndi ukali wonse. Zinachitikira ngakhale Google, mu 2015 munthu wina amene anagwirapo ntchito kumeneko anapeza google.com ikugulitsidwa, analipira madola 12 n'kukhala mwini wake kwa mphindi imodzi asanabweze malondawo. Iye anawauza za vutolo, Google inamupatsa madola 6,006.13, manambala amene ukawayang'anitsitsa amalemba Google, ndipo atanena kuti apereka ku ntchito zachifundo anawonjezera kawiri.

Chaka chatha ndinaona domeni ya sukulu ina yapulaiveti kuno itagwa, mwezi wa mafomu olembetsera ana n'kumene. Ndinaimbira ahedi, poyamba ankaganiza kuti ndine wa mauthenga a "mwawina" aja mpaka anadula foni, ndinachita kupita ndekha pa kabaza ndi laputopu kukawaonetsa. Tinailembetsanso pa imelo ya sukulu titakhala mu ofesi mwawo momwemo, ndipo pano ndine amene ndimawasamalira webusayiti, chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti ndimawakumbutsa kuti alipire.